Motoka "yosafa" nayo imadwala

Mu Lusaka muli mau amene agulitsa mamotoka okalamba kupambana malonda alionse a pa Facebook: "Iyi siikufa, bwana." Muzawamva pa Land Cruiser ya pick-up, pa Hilux yakale, nthawi zina pa Isuzu KB. Wachinyamata amene wapeza kandalama, kaya ka chilimba kaya ka loni, ndipo afuna kuyamba kunyamula tomato ku Soweto Market olo mchenga na mabuloko ku mapuloti, amagula mau amenewa pamodzi na motoka. Ine niona kuti mau awa ndiye amapha mamotoka aya, cifukwa munthu amene akhulupilila kuti chinthu sichifa sachisamala, ndipo sasunga ndalama ya tsiku lamene chizadwala.

Mbili ya Land Cruiser si yabodza. Injini yake yochuka, 1HZ, inatuluka mu 1990: malita 4.2, masilinda 6, dizilo, ilibe turbo, ilibe kompyuta. Mphamvu yake ni yochepa poyelekeza na kukula kwake, pafupifupi mahachi 130, ndiye chifukwa siitopa msanga. Makanika wa pansi pa mtengo ku Petauke angaitsegule na masipanala chabe. Koma motoka imene yasebenza zaka 20 yasebenza zaka 20, olo ikhale na dzina labwino bwanji, ndipo wogulitsa kambili aigulitsa pamene waona kuti mabilu akulu-akulu ali pafupi.

Yambani na timing belt. Ni lamba wa mphila amene Toyota inakamba kuti azichinjidwa pa makilomita 100,000, ndipo mtengo wake ni wochepa. Akaduka injini ili kuyenda, ma piston amamenya ma valve, ndipo nchito imene sembe inatha m'mawa umodzi isanduka yochotsa mutu wonse wa injini. Funsani wogulitsa kuti lamba anachinjidwa liti. Akayamba kuyangana kumwamba, ikani mtengo wa lamba, tensioner na water pump pamwamba pa mtengo wa motoka, ndipo muzichinje musanatenge katundu woyamba.

Chimene chiniwawa maningi ni nkhani ya kutentha. Mutu wa 1HZ sukonda moto. Radiyeta yodzala matope na njele za udzu, fan clutch yotopa, paipi ya mphila yofewa, madzi a pa pompi m'malo mwa coolant: tonse utu ni tunthu tochipa, tumene mu tauni situoneka vuto. Manje tengani motoka imeneyo, muilemetse, muikweze mapili a Manenekela pa Great East Road mu October. Singano ikwela, dalaivala akuti tifike chabe pamwamba, ndipo pofika pamwamba gasket yapsa olo mutu wang'ambika. Apa mulipila kukoka motoka kuchoka m'thengo, mulipila mutu wina, mulipila makanika, ndipo masabata amene motoka ili pa miyala loni siima. Ena amaikapo turbo ya pambali kuti motoka izikwela bwino. Injini iyi sinapangidwile kutentha kumene turbo ibweletsa ngati yaikidwa mosasamala, ndipo ine motoka yotele ningaisiye olo penti yake iwale bwanji.

Kulemetsa ndiye matenda athu a tonse. Pick-up izi zinapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a chimanga a makilo 50. Imani pa mseu nthawi yokolola muwelenge matumba amene apita. Ma spring a kumbuyo amathyoka tsamba limodzi-limodzi, ma bush amatha, ma bearing a mawilo amalila, clutch imanunkha. Pa Land Cruiser 79 zoyambilila, giya ya namba 5 ni yodziwika kuti siipilila kukoka katundu wolema. Mukamva kulila mu giya imeneyo, olo ikazichotsa yokha pamene mwasiya mafuta, dziwani kuti gearbox izatsika. Kutsogolo, yanganani kuseli kwa mawilo: mafuta akuda osakanizika na girisi atanthauza kuti ma seal a axle atha, ndipo oilo wa diff ali kutsuka girisi ya ma CV joint.

Ambili amathawila ku zatsopanoko, monga Hilux ya D-4D imene inabwela cha mu 2005, olo Ford Ranger. Zithamanga, zimwa pang'ono, mukati muli bwino. Koma injini izi ni za common rail: dizilo ipopedwa mwamphamvu kwambili kupita m'tumabowo tung'ono kwambili, ndipo madzi pang'ono olo fumbi mu mafuta ziononga ma injector. Dizilo ya mu chigubu ya pambali pa mseu, imene 1HZ ingameze n'kutsokomola chabe, pa injini izi ni poizoni. Pa Hilux ma injector ni anayi, kambili akatha amatha pamodzi, ndipo atsopano afunika kulembedwa mu kompyuta ya motoka na munthu amene ali na makina. Pa D-4D palinso tumawashala twa pansi pa ma injector: tukayamba kudontha, utsi ulowa mu oilo, oilo auma monga phala, sefa ya pampu ya oilo itsekeka, injini igwila. Kawashala ka mtengo wa chakudya cha masana kangathe kudya injini yonse.

Za mitengo yeniyeni, chofunika kumvetsa n'chakuti masipeya sapangidwa kuno. Abwela kuchokela ku Japan, Dubai, South Africa na China, ogulidwa na madola olo ma rand, ndiye mtengo wake uyenda na kwacha. Mu shopu azakufunsani kuti mufuna "original" olo "ya bwino-bwino". Pa galasi, pa nyali, pa chogwilila chitseko, tengani yochipa, palibe mlandu. Pa timing belt, pa sefa ya dizilo na pa ma bearing, yochipa mumailipila kawili, pamodzi na zimene yaononga.

Ndiye pali ndalama zimene zituluka olo motoka ili bwino. 1HZ imwa pafupifupi malita 10 a oilo pa sevisi iliyonse, ndipo sevisi ibwela pa makilomita 5,000. Yolemedwa, siimwa pansi pa malita 12 a dizilo pa makilomita 100. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ni makilomita pafupifupi 570, ndiye malita 70 apita musanabwelele. Ikamponi ma toll gate, road tax, fitness ya ku RTSA, inshuwalansi na matayala. Wamene achaja kasitoma poyangana dizilo chabe ali kudya motoka yake pang'ono-pang'ono.

Sinikamba kuti musagule. Pa miseu ya kumunzi nthawi ya mvula, Land Cruiser yokalamba ikali mfumu, ndipo kwa munthu amene asebenzela kutali na tauni ine ningasankhe injini yakale yopanda kompyuta. Koma ngati ndalama yanu yonse ikwana chabe mtengo wa pa galasi, motoka imeneyo mukalibe kuikwanitsa; gulani yochepako, musiye yokonzela. Makilomita a pa dashboard musawakhulupilile, amabwezedwa. Zochokela ku migodi zingaonetse makilomita ochepa, koma injini inalila maola osawelengeka ndipo chassis inadya matope, ndiye gonani pansi muigogode na sipanala.

Tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa, mumulipile tsiku lonse. Pitani m'mamawa, mugwile injini na dzanja. Mukaipeza yofunda kale, uzani wogulitsa kuti muzabwela mailo, ndipo asailize mpaka mufike.