Ogulitsa m'misewu: ku Bologna kale, ku Glendale lero

Cha m'ma 1580, mmisiri wa zojambula wa mumzinda wa Bologna ku Italy, Annibale Carracci, anayamba kujambula anthu amene olemera sankawawerengera: wogulitsa madzi, wonola mipeni, wosenza katundu wa eni. Iye anamwalira mu 1609, koma Simon Guillain anagoba zojambulazo pa mkuwa, ndipo zithunzi 80 zinasindikizidwa ku Rome mu 1646.

Amene anaimapo pa Glendale, pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Bindura, angawazindikire anthu ameneŵa. Ndi amayi aja oyala tomato ndi malalanje m'mbali mwa msewu, anyamata okankha wilibala, abambo osoka nsapato pansi pa mtengo. Ena mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za Amalaŵi amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe. Mafamu atayamba kugaŵidwa mu 2000, antchito ambiri anatsala manja lende, opanda ntchito ndiponso opanda munda. Msewu ndiwo unasanduka munda wawo.

Mundawo ndi wosatetezeka. Mu 2005 boma la Zimbabwe linagumula misika ndi nyumba pa chintchito cha Murambatsvina, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka wa bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Chaka chotsatira, Malaŵi nayenso anachotsa mavenda m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe.

Chimene chimandikhudza pa zithunzi za Carracci ndi chakuti zimatchula ntchito, osati dzina la munthu. Komabe iye anavomereza kuti imeneyi ndi ntchito. Ife a mabungwe nthaŵi zina timalephera ngakhale pamenepo. Ndivomereze kuti ine ndemwe, pa kafukufuku wina, ndinalembapo “palibe” pa mzere wa ntchito, pamene mayi woyankhayo anali atakhala pafupi ndi dengu lake la masamba, limene limalipirira ana atatu sukulu.

Alangizi anzanga, mukamadzaza mafomu m'makomboni, funsani bwino: katundu amamuoda kwa mlimi uti, mpamba ndi wochuluka bwanji, zotsala madzulo zimapita kuti. Nanunso alimi muli m'nkhaniyi, pakuti tomato wanu wa kudimba akanaolera pamtengo pakadapanda mayi uja wa dengu.