Chidindo chathu chili kuti?

Mwezi wathawu tinapita kumudzi ku Bundabunda kukaona ambuya. Amene mumayenda msewu wa Great East njira mukuidziwa: ukachoka mu Lusaka n'kudutsa Chongwe, matumba a makala amayamba kundanda m'mbali mwa msewu, kenako umafika cha ku Chinyunyu kumene madzi otentha amatumphuka pansi. Tsiku lachiwiri ambuya anatituma kuti tiwapezere khadi lawo lakuchipatala m'bokosi lachitsulo limene limakhala kunsi kwa bedi. Khadilo tinalipeza, koma maso athu anakodwa pa mtolo wina wa mapepala womangidwa ndi kansanza ka chitenge.

Munali kalata ya mfumu ya mudzi yonena za munda, malisiti a feteleza a ku kopaletivi, khadi laubatizo, ndi malipoti akusukulu a amalume athu. Pepala lililonse linali ndi chidindo chake cha inki yofiirira. Pakati pa zonsezo panali kakhadi kamodzi kopanda chidindo, kodulidwa pa chikuto cha buku lolembamo. Kutsogolo kunali duwa lojambula ndi bolopeni, m'kati munali mawu akuti, "Ambuya, Khirisimasi yabwino, ndidzabwera tikatsekera." Anakapanga ndi mkulu wathu ali giredi 5. Iyeyo anatisiya zaka zitatu zapitazo. Ambuya sadziwa kuwerenga, koma mawuwo anatitchulira onse pamtima.

Tinayang'anitsitsa mtolowo kufuna chathu, osapeza kanthu. Ife amene timatumiza ndalama pa foni mwezi ndi mwezi, amene pa Khirisimasi timatumiza zithunzi za makandulo pa WhatsApp ya azakhali kuti akawaonetse, m'bokosimo tilibemo. Foni ya azakhaliyo inagwera m'madzi chaka chatha, ndipo moni wathu yense anapita nayo.

Kuchokera tsiku limenelo takhala tikunena kwa aliyense wotimvera kuti achinyamata a m'tauni tiyambe kupanga makhadi ndi manja athu, tiseme zidindo zathu, tilembe m'zilankhulo zathu. Ena akatimva amaseka, amati ndi zochita za ana a nazale. Tikupempha kuti mutimvere kaye.

Tiyambe ndi chidindocho. Kwathu kuno chidindo timachidziwa ngati chinthu cha akuluakulu. Ukafuna ntchito, makope a satifiketi yako ya giredi 12 ayenera kudindidwa. Ukafuna kusandutsa malo a mfumu kuti akhale a taitolo, lamulo la malo la 1995 limafuna chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo, ndipo kalata yopanda chidindo palibe amene angaiyang'ane kawiri. Ngakhale chitupa chimene tinatenga titakwanitsa zaka 16 chimatchula mudzi ndi mfumu yathu, ngakhale ena a ife tinabadwira ku Matero kapena ku Kalingalinga ndipo mudziwo tinauonako kawiri chabe. Moyo wathu wonse timaima pamzere kudikira kuti wina atidindire, atsimikize kuti ndife amene tikunena kuti ndife. Sitinaganizepo kuti kachipangizo kameneka ndi kamphira chabe komata pa kathabwa, ndipo munthu wamba angathe kukhala ndi kake kodindira moni, chithokozo kapena chipepeso.

Zidindo za mphira zinafala anthu atapeza njira yolimbitsira mphira poiphika ndi sulufa, njira imene Charles Goodyear wa ku America analembetsa mu 1844. Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa linasindikizidwa ku London mu 1843, Henry Cole ndi amene analamula kuti lipangidwe, ndipo anasindikiza pafupifupi 1,000. Koma kudinda sikunayambire kwa azungu okha. Ku Ghana, m'mudzi wa Ntonso pafupi ndi Kumasi, anthu amasema zidindo pa zidutswa za chipanda, n'kumadinda zizindikiro za adinkra pa nsalu ndi utoto wophika kuchokera ku makungwa a mtengo. Chizindikiro chilichonse chili ndi tanthauzo lake, ndipo nsalu zina amavala pamaliro. Chipanda chomwecho n'chimene ambuya athu amatungira madzi.

Za mapepala nazo si zachilendo kuno. Ku Blantyre kuli bungwe la PAMET limene limapanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otayidwa, ulusi wa nthochi, ngakhale ndowe za njovu. Ku Mfuwe, pafupi ndi South Luangwa, anthu amatulutsa ulusi m'makolo a nthochi amene kale ankangowola m'munda, ndipo ulusiwo umakapangidwa mapepala ku Japan. Mu Lusaka mwenimuno, pa chipatala cha UTH, gulu la APTERS limapanga mipando ndi zoimiritsira ana olumala pogwiritsa ntchito makatoni ndi mapepala akale omata ndi phala. Ngati pepala lingathe kunyamula mwana, silingalephere kunyamula mawu athu kupita kumudzi.

Tsono taonani makhadi amene timapeza m'mashopu. Ambiri ali ndi chipale chofewa chimene sitinachionepo, mitengo imene simera kuno, ndi ndakatulo zachizungu zimene ngakhale wogulayo saziwerenga mpaka kumapeto. Kupeza khadi lolembedwa m'Chinyanja ndi ntchito. Nanga la m'Chisoli, chilankhulo cha eni nthaka a Lusaka ndi Chongwe? Wosindikiza wamkulu sangataye ndalama zake kupanga makhadi a anthu ochepa chotero. Ife tikapanda kupanga, palibe amene adzapange. Ndipo ambiri a ife amene makolo athu ndi Asoli Chisolicho timangochimva, kuyankha timayankha m'Chinyanja cha m'tauni. Kufunsa ambuya kuti "tikuthokoza" kapena "pepani" amati chiyani m'chilankhulo chawo, kenako n'kukhala ola lathunthu tikusema mawuwo chilembo ndi chilembo, ndi phunziro limene silichoka m'mutu.

Kupanga kwake sikufuna shopu ya zaluso. Ife tinayamba ndi patapata wakale amene chingwe chake chinaduka. Labala wofufutira wa kusukulu nayenso amachita bwino, makamaka pa zilembo zing'onozing'ono. Ngakhale kandolo amadinda, kungoti amafota tsiku lomwelo. Mufunikanso lezala yatsopano kapena kampeni kakuthwa, pensulo, guluu, kathabwa kogwirira, ndi kabokosi ka inki kodindira kamene kamapezeka m'mashopu a zolembera ku Kamwala kapena mu tauni. Kabokosiko kakasowa, kachidutswa ka matiresi a siponji konyowetsa ndi inki kamagwira ntchito yomweyo.

Chinthu chimodzi tikuchenjezeni, poti ife chinatigwetsa. Chidindo chimatembenuza zonse ngati galasi. Tsiku loyamba tinasema ZIKOMO bwinobwino, zala zikuwawa, ndipo titadinda tinapeza OMOKIZ. Njira yake ndi iyi: lembani mawuwo pa pepala ndi pensulo yakuda kwambiri, vundikirani pepalalo pa mphira, tikitani kumbuyo ndi chikhadabo. Mawu amasamukira pa mphira atatembenuka kale. Mukatero dulani n'kuchotsa mbali zonse zimene simukufuna kuti zidinde, musiye zilembo zitatumphuka. Lezala izipita kutali ndi chala chanu, ndipo mbali yake inayo muikulunge ndi tepi. Yambani ndi zinthu zosavuta: tsamba, nsomba, khasu, nkhokwe, njinga yonyamula makala, nthunzi ya pa Chinyunyu. Zilembo zibwere pambuyo dzanja litazolowera.

Pepala la manila la A4 mukalidula pakati limatulutsa makhadi awiri opinda, lililonse la masentimita pafupifupi 10 ndi theka m'lifupi ndi 15 m'litali. Amene mukufuna kupita patsogolo mungapange pepala lanulanu. Ng'ambani mabuku akale a manotsi, muwaviike usiku wonse, muwasinje mu mtondo mpaka akhale ngati phala. Sungunulani phalalo m'beseni la madzi, muvuule ndi kansalu ka neti ya udzudzu yakutha kokhomera pa kafelemu ka matabwa, mukhuthulire pa nsalu, mufinye madzi n'kuyanika. Limatuluka lokhakhala pang'ono, lotuwa, ndipo inki imalowa msanga, choncho musanyowetse chidindo kwambiri. Kukhakhalako n'kumene kumachititsa munthu kulisisita asanaliwerenge.

Tikudziwa zimene ena anena, ndipo zina n'zoona. Akuti foni ndi yachangu ndiponso yotchipa. Inde, ndipo ifenso sitikuitaya. Uthenga wa maliro, wa matenda, wa ndalama ya sukulu upite pa foni. Koma uthenga umene tautumiza kwa anthu makumi asanu nthawi imodzi, wolandirayo amadziwa kuti sitinamuganizire iye payekha. Chithunzi cha maluwa chimene chadutsa m'magulu khumi chisanafike kwa ife sichinena kanthu za ife. Khadi lopindika pang'ono, lokhala ndi chala cha inki pakona, limanena kuti munthu anakhala pansi madzulo ena n'kuganiza za iwe.

Akutinso nthawi palibe. Apa m'pamene chidindo chimaposa kujambula. Kusema kumatenga madzulo amodzi, koma chidindocho chimadinda makhadi ambirimbiri chisanathe. Komiti ya kicheni pati ingathe kudinda makhadi onse oitanira alendo Loweruka limodzi, wina akudula, wina akupinda, wina akudinda, wina akulemba mayina, nkhani zili m'kamwa. Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, ang'ono athu a giredi 12 akamakonzekera mayeso, chidindo chimodzi chonena kuti "Ulembe bwino" chingakwanire banja lonse ndi ana a aneba. Pa ukwati wa anthu mazana atatu pitani kwa osindikiza, palibe cholakwa. Koma makhadi othokoza alangizi ndi azimayi amene anagona kukhitchini akuphika, amenewo atuluke m'manja mwanu.

Nanga lifika bwanji kumudzi, poti ambiri kumeneko alibe bokosi ku positi? Mmene shuga ndi sopo zimafikira. Tsiku lililonse mabasi amanyamuka mu Lusaka kulowera kum'mawa, ndipo nthawi zonse pamakhala wachibale amene akupita. Khadi limalowa m'thumba la shuga lomwelo popanda kulipira malo.

Pali ena amene afunsa ngati muli ndalama m'zimenezi. Tisanamizane. Makhadi apamanja amagulidwa pa msika wa Lamlungu wa ku Arcades ndi ku Kabwata Cultural Village, makamaka ndi alendo, ndipo munthu waluso angapezeko ya mabando ndi ya basi. Amene amapanga makeke, sopo kapena mafuta a mtedza kunyumba nawonso amafuna kachidindo ka dzina la malonda awo kodinda pa mapepala okulungira. Koma amene akuganiza kuti agula galimoto chaka chamawa akhumudwa. Sikuti chilichonse chimene manja athu aphunzira chiyenera kusanduka bizinesi tsiku lomwelo. Tinazolowera kufunsa phindu la chinthu tisanachigwire n'komwe, n'chifukwa chake ambiri a ife sitidziwa kupanga kanthu kalikonse.

Chenjezo lina ndi lalikulu. Dzanja limene laphunzira kusema duwa lingathenso kusema chidindo cha sukulu, cha chipatala kapena cha mfumu. Tsiku lina wina adzabwera ndi kapepala, akumwetulira, n'kunena kuti ungonditengerako aka, ndikupatsa kenakake. Mukaneni. Kupanga chidindo chabodza ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo kudera ngati la kwathu, kumene malo akufunidwa ndi anthu a m'tauni usana ndi usiku, kalata imodzi yabodza ingalande banja munda umene lalima kuyambira kalekale. Kalata ija ya m'bokosi la ambuya ili ndi mphamvu chifukwa chidindo chake n'choona. Tisemere zathu, za eni tiwasiyire eni.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ife tinkaumva mwambiwu ngati wonena za chakudya ndi ndalama, mpaka tsiku lija tinaona kakhadi ka mwana wa giredi 5 katasungidwa pamodzi ndi kalata ya munda. Mkulu wathu anapereka kachikuto ka buku, ndipo lero ndi chokhacho cholembedwa ndi dzanja lake chimene banja lili nacho.

Mwambo wa Asoli a kwa mfumu Bundabunda umatchedwa Chibwela Kumushi, ndipo dzina lokhalo likunena za kubwerera kumudzi. Ambiri a ife chaka chino sitikwanitsa kubwerera, ntchito ndi mitengo ya basi sizilola. Ife tasema kale zidindo zitatu: nkhokwe, nsomba, ndi ZIKOMO amene tsopano akuwerengeka bwino. Khadi la ambuya lanyamuka Lachisanu lapitali ndi amalume, lili pakati pa shuga ndi machesi. Mawu a m'katimo ndi a m'Chisoli, tinachita kufunsa azakhali pa foni kawiri kuti tisalakwitse kalembedwe. Inunso funani patapata wakale kuseri kwa chitseko, mugule lezala, muyambe ndi munthu mmodzi amene ali ndi bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi.