Mganda Si Gule Wochititsa Manyazi

Pali anthu ena pakati pathu, makamaka aja adalawako sukulu, amene amakwinya nkhope akamva ng'oma ya mganda ikulira m'midzi ya kwa Khombedza ku Salima. Iwo amati mganda ndi masewera a anthu osowa chochita, ongotsanzira asilikali a Azungu, ndipo amaletsa ana awo kuyandikira pabwalo. Anthu oterewa akulakwa, ndipo kulakwa kwawoko si kwachilendo. Anzawo a ku America adachita chimodzimodzi ndi nyimbo za jazz.

Jazz idabadwira mu mzinda wa New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pakati pa zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa. Anthuwa adatenga malipenga ndi ng'oma za magulu oguba ngati asilikali, nayamba kuziliza motsata mtima wawo. Louis Armstrong, amene adabadwa m'chaka cha 1901 mu umphawi wadzaoneni, adaphunzira lipenga ali m'nyumba yosungirako anyamata opulupudza. Olemera ndi ophunzira adanyansidwa nazo nyimbozi, mwakuti m'chaka cha 1921 magazini ya Ladies' Home Journal idalemba kuti jazz ikusokeretsa achinyamata. Koma mu 1926 ku Harlem kudatsegulidwa nyumba yovinira ya Savoy, momwe akuda ndi oyera ankavina pamodzi pa nthawi imene m'madera ambiri a dzikolo sankaloledwa ngakhale kudyera pa tebulo limodzi. Pofika 1987 nyumba ya malamulo ya dzikolo idalengeza kuti jazz ndi chuma cha fuko.

Tsono taonani mganda wathu. Makolo athu adatengedwa kunkhondo ya 1914 mpaka 1918, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ambiri ngati amtengatenga. Kumeneko adaona perete ndi malipenga amkuwa. Atabwerera kumudzi analibe ndalama zogulira lipenga, koma sadakhale pansi kumadandaula. Adatenga chikho, nachiboola, namatapo kachikopa kopyapyala ka kangaude, ndipo badza lidayamba kulira. Perete wa msilikali adamufewetsa, namupatsa mapazi a kwathu ndi nyimbo za m'chinenero chathu zodzudzula ndi zolangiza. Kodi kumeneku ndi kutsanzira? Wotsanzira amabwereza zimene waona osasinthapo kanthu. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makolo athu adalandira kalumoko nametera m'mametedwe awoawo, monga adachitira anzawo a ku New Orleans.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka: pa magule ena pamakhala uchidakwa, ndipo ana amachezera usiku mpaka kujomba kusukulu. Zimenezi nzoona ndipo nzofunika kuzidzudzula. Koma mowa umapezekanso pa ukwati, ndipo palibe amene adati tithetse maukwati. Ndiponso amene adaonapo gulu la mganda likukonzekera akudziwa mwambo umene uli m'menemo: kabudula ndi malaya oyera ochapidwa bwino, mizere yowongoka, kumvera mtsogoleri, ndi kuphunzira phazi limodzi kwa masabata. Mnyamata wozolowera zimenezi waphunzira kudzisunga.

Choopsa chenicheni nchakuti akulu odziwa kukonza badza ndi kupeka nyimbo akutha, ndipo luso lotere silidalembedwe m'buku. Mganda wongoviniridwa alendo ndi andale pa misonkhano sungakhalitse, pakuti gule amakhala ndi moyo pamene mudzi ukuvinira mudzi unzake.

Inu makolo a kwa Khombedza, lolani anyamata anu apite pabwalo dzuwa likadalipo, ndipo inunso mupite nawo. Inu aphunzitsi, itanani nkhalamba zodziwa badza zidzaphunzitse ana kusukulu. A ku America adadikira zaka zoposa 60 kuti alemekeze nyimbo zawo, koma iwo anali atazijambula pa malekodi. Ife tikadikira chotere, tidzapeza eni luso atagona kumanda.