Masamu a Zilembo

Mwana akatsiriza maphunziro a ku pulaimale nalowa ku sekondale, amapeza cinthu cacilendo m'buku lace la masamu. Pakati pa manambala pamaima zilembo, monga x ndi y. Ana ambiri poona zimenezi amataya mtima tsiku lomwelo, namati, "Masamu awa ndi a anthu a nzeru zapadera." Kuganiza kotero nkulakwa, ndipo kwatsekera anyamata ndi asungwana ambiri njira ya ku nchito zabwino.

Masamu a zilembowa dzina lace ndi aljebra, ndipo sasiyana kwenikweni ndi zirapi zimene ana amaphera anzao madzulo pamoto. Nayi nkhani yace. Mbusa wina anali ndi mbuzi. Zitaswana, ciwerengero cace cinaculuka kawiri. Pambuyo pace fisi anagwirako zitatu, ndipo m'khola munatsala mbuzi 11. Kodi poyamba zinali zingati? Mwana wodziwa aljebra amacha ciwerengero cobisikaco x, nalemba motere: 2x − 3 = 11. Tsono amabwezera mbuzi zitatu zija m'khola, napeza kuti 2x = 14. Akagawa pawiri, aona kuti mbusayo anayamba ndi mbuzi 7. Cilembo cija sicinali coopsa konse. Cinangosunga malo a nambala imene inali isanadziwike.

Kubwezera kumeneku ndiko kunapatsa aljebra dzina lace. Ca m'ma 820, mu mzinda wa Baghdad munali munthu wophunzira dzina lace al-Khwarizmi, amene analemba buku la masamu otere m'Ciarabu. M'dzina la bukulo munali liu lakuti al-jabr, ndiko kunena kubwezera cinthu m'malo mwace. Iye analemba zonse m'mau okhaokha, popanda zilembo zoimira manambala, cotero funso lalifupi linkadya mizere yambiri. Mwambo wakulemba x, y ndi z m'malo mwa manambala osadziwika unafala ndi buku la René Descartes wa ku France m'caka ca 1637. Motero zilembo zimene ana amaziopazo zinadza kudzapeputsa nchito.

Wophunzira akazolowera aljebra amakwera pa masamu ena, ofotokoza m'mene cinthu cimodzi cimasinthira cinzace cikasintha. Mtunda umene galimoto yayenda umatsata liwiro lace ndi nthawi. Utali wa mthunzi wa mtengo umatsata pamene dzuwa lafika. Wophunzira amajambula zotere ndi mizere papepala, naphunziranso kupeza utali wa mtengo kapena phiri osakwerapo. Zonsezi zimamkonzera njira ya masamu akuya ochedwa calculus, amene Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz anawatulukira, yense payekha, m'zaka za m'ma 1600. Anthu amene anamanga khoma la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, lotalika mamita 128, limene linatha m'caka ca 1959, anayamba awerengera mphamvu ya madzi papepala asanathire simenti. Akadalakwitsa masamuwo, madzi sakadawacitira cifundo.

Alipo ena amene amati, "Nanga mwana abvutikirenji, popeza masiku ano makina amawerenga msanga koposa munthu?" Nzoona kuti makina ali ndi liwiro. Koma makina sanaone mbuzi zija, kapena fisi. Munthu ndiye ayenera kumva nkhani, nasankha cimene cikhale x, ndipo yankho likaturuka ayenera kuzindikira ngati liri la nzeru. Namwino akalakwa poyesa mankhwala a khanda molingana ndi kulemera kwace, sangakanire makina mlanduwo. Enanso amati masamu otere sayenera asungwana. Mau amenewa ngopanda pace, pakuti nambala sidziwa ngati dzanja lolemba ndi la mwamuna kapena la mkazi.

Kawirikawiri cimene cimagwetsa ana m'aljebra si zilembo ai, koma masamu a ku pulaimale amene sanawagwire bwino. Mwana wosadziwa kuonkhetsa theka ndi limodzi la magawo atatu adzasokonezeka ndithu pamene zilembo zilowa m'magawomo. Akulu anati, m'mera mpoyamba. Cifukwa cace mwana wofuna kudzakhala dokotala, mmisiri wa milatho kapena woyendetsa ndege ayambe lero lino. Aloweze pamtima kuculukitsa manambala, azolowere kugawa ndi masamu a magawo, alembe njira yonse imene wapezera yankho, ndipo pamene sanamve afunse mphunzitsi wace wopanda manyazi. Mwana wotere, tsiku limene adzaona x pa bolodi la ku sekondale, adzakumbukira mbuzi za mbusa uja, nadzatenga pensulo yace mosaopa.