Mfuti yosakira m'thengo lowirira: tiyambe taganiza kaye



Titatuluka mu Juma sabata yatha, anyamata ena anatiimitsa panja pa mzikiti. "Shehe, mfuti yabwino yosakira gwape ndi mbawala m'thengo lowirira ndi iti?" Tinawalonjeza kuti tiyankha pano kuti ena amve nawo.

Alenje amadziwa kuti m'malo owirira nyama imabuka pafupi zedi, mwina mamita 20 kapena 30 basi. N'chifukwa chake amakonda mfuti yaifupi ndi yopepuka, yosakola m'ziyangoyango. Koma mwaona vuto lake? Poti masamba agwedezeka, mlenje amawomba asanaone bwino. M'tchire lomwelo mumadutsa amayi otola nkhuni ndi ana opita kumtsinje. Chipolopolo chikatuluka sichibwerera.

Ena amathamangira gogodela, mfuti yosula pakhomo. Imeneyi ndi yoletsedwa, ndipo imatha kuphulikira mwini wake m'manja. Mfuti imafuna chiphaso cha polisi, kusaka nyama zakuthengo kumafunanso chilolezo cha boma. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo wogwidwa akusakamo akhoza kukalowa kundende.

Za Chisilamu nazo tisaiwale. Mlenje atchule Bismillah powomba, ndipo nyama akaipeza ikadali moyo, aizinge. Nanga m'thengo lowirira, mbawala yovulala ikathawa n'kukafera kutali, mwiniwake osaipeza, mwapindula chani? Mwangozunza cholengedwa cha Allah. Msampha wa waya ndiye woipitsitsa: nyama yofa mopotoledwa khosi ndi haraam, ngakhale mutaiphika bwanji.

Choipa china ndi moto. Alenje ambiri amayatsa tchire kuti nyama zituluke, motowo n'kupsereza mkungudza umene wayamba kale kusowa paphiri. Phiri likakhala lopanda mitengo madzi amatsika ndi ukali, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe Freddy anachita kuno mu March 2023.

Tsono yankho lathu nali. Ndalama yogulira mfuti mugule mbuzi ziwiri zazikazi, kapena mukumbe damu la chambo. Pakutha kwa chaka muli ndi nyama ya halaal, ya Qurbani ndi ndiwo za ana, popanda kuthawa apolisi. Amene nyani ndi nguluwe zikumuonongera chimanga, akanene kwa amfumu ndi alangizi a zaulimi, asamadzitengere mfuti yekha.

Allah atipatse nzeru ndi madalitso pa ntchito za manja athu. Ameen.