Maina a makolo athu ni a ndani?

Msuweni wanga anatha zaka ziŵili akuzungulila midzi ya ku Katete, kufunsa nkhalamba na kukopela maina m'mabuku akale a ubatizo. Anatuluka na mndandanda wa mbumba yathu, mibadwo isanu. Mwezi watha wacibale wina anauponya pa gulu la WhatsApp, dzina la msuweni atalicotsa. Lomba mwamunayo wakwiya. Akuti mndandanda ni wake, ali na copyright, ndipo zotsala sadzaonetsa munthu.

Mkwiyo wake niumvetsa. Koma pa umwini nikana.

Mlandu wotele unazengedwapo ku America mu 1991. Kampani ya Feist inakopela maina na manambala m'buku la mafoni la Rural Telephone Service ku Kansas. Inagwidwa poyela, cifukwa inakopela na maina anayi abodza amene eni buku anaikamo dala ngati msampha. Koma khoti lalikulu linagamula kuti Feist sinalakwe: dzina na nambala ni zinthu zimene munthu amangopeza, sazipanga, ndipo thukuta palokha silipatsa munthu copyright. Cimene lamulo liteteza ni luso la kasankhidwe na kasanjidwe. Kundandalika maina kuyambila A mpaka Z si luso.

Cigamulo ca ku America sicimanga makhoti athu. Ife tili na lamulo lathu la copyright la 1994. Koma ganizo lake nigwilizana nalo. Tsiku limene ambuye anabadwa silinalembedwe na msuweni. Anauzidwa na agogo ena, kwaulele, atakhala pa mphasa. Iwo akanati ni zao zokha, sembe iye ali na ciani?

Zake zenizeni zilipo ndithu: nkhani zimene analemba m'mau ake, zofotokoza cifukwa cake banja linasamuka, na zithunzi zimene anajambula yekha. Amene afuna kuzisindikiza ayambe wapempha. Ndipo uja anacotsa dzina anacita zamwano, kaya lamulo limugwila kapena ayi. Ndalama za basi sanaikepo olo ngwee.

Cimene ciniopsa ine n'cakuti aŵili mwa agogo amene anafunsidwa anamwalila kale. Zimene ananena zatsala mu laptop imodzi ku Chawama, ya munthu wokwiya, ndipo batili yake inatupa. Pa Sabata nidzapita na flash disk kukamupepesa m'malo mwa banja lonse.