Mtengo Umodzi kwa Anthu Onse

Pa Lufita pamveka mawu amene sitingathe kuwalekerera. Anyamata athu obwera kuchokera ku Lilongwe, ku Mbeya ndi ku Joni ali kunena kuti kwathu kuno nkotsalira, popeza tilibe sitolo yaikulu m'mene munthu agula nsalu, mbale, nsapato ndi shuga pansi pa denga limodzi. Ife titi anyamatawa anaona makoma ndi magalasi, koma chimene chinakuza masitolowo sanachione. Chinthucho sichilira njerwa kapena malata. Ndicho mtengo umodzi, wolembedwa poyera, wa munthu aliyense.

Tiyambe ndi kumene anachokera. Kale ku Ulaya malonda anali monga a pamsika pathu: wa nsapato payekha, wa nsalu payekha, ndipo mtengo unali mumtima mwa mwini katundu, amene anayamba wayang'ana malaya a wogula asanautchule. M'zaka za m'ma 1600 Akhristu ena a ku England, otchedwa Quaker, anakana mchitidwe umenewu, pakuti anati kutchula mtengo umene suuyembekeza kulandira ndiko kunama. Poyamba anthu anawathawa. Koma pambuyo pake anayamba kutuma ngakhale ana ku masitolo awo, podziwa kuti mwana sanyengedwa kumeneko.

M'chaka cha 1852 Aristide Boucicaut analowa m'malonda a sitolo ya Le Bon Marché mu mzinda wa Paris. Iye analemba mtengo pa katundu, nalola munthu kulowa ndi kutuluka osagula kanthu, nalandiranso katundu wobwezedwa, nakhutira ndi phindu laling'ono pa chinthu chimodzi kuti agulitse zambiri. Malonda atakula, nyumba inagawidwa zigawo, cha nsalu, cha zovala, cha ziwiya, chilichonse ndi kapitawo wake. Umenewu ndiwo mtundu woyamba, sitolo ya zigawo. Ndipo Macy's ya ku New York, ya 1858, ndi Selfridges ya ku London, ya 1909, zili za mtundu womwewo.

Mitundu ina inaphuka pambali pake. Pali masitolo ambirimbiri a mwini mmodzi, omwazika m'mizinda, monga a Woolworth amene anayamba ku America mu 1879 ndi tinthu totsika mtengo. Pali sitolo yodzitengera wekha katundu ndi kulipira pakhomo, imene Piggly Wiggly inawanditsa kuyambira 1916 ku Memphis. Palinso sitolo ya chigwirizano, yonga imene anthu 28 anatsegula ku Rochdale mu 1844, atatopa ndi ufa wosakaniza ndi miyeso yoperewera. M'menemo ogula ndiwo eni, ndipo phindu libwerera kwa iwo. Mitundu yonseyi isiyana pa mamangidwe ndi pa umwini, koma ivomerezana pa chimodzi: wogula adziwa mtengo asanatsegule pakamwa.

M'dziko lathu lino mtundu umene unafika ndiwo wa mwini mmodzi. Kampani ya ku Glasgow imene inadzatchedwa African Lakes inayamba mu 1878, oyendetsa ake ali John ndi Frederick Moir, ndipo anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Msewu wa Stevenson, umene unayambidwa mu 1881 kuchokera ku Karonga kulinga ku nyanja ya Tanganyika, unadzera m'dera lathu lomwe lino, ndipo amtengatenga anasenza pamutu nsalu ndi mikanda ya kampaniyo. Pambuyo pake kunadza Kandodo ndi masitolo a Amwenye, amene boma linawachotsa m'midzi pakati pa 1970 ndi 1978. Kunadzanso PTC, imene inagwa mu 2022. Tsono taonani: masitolo a Mandala ndi a Kandodo akumbukidwa ndi akulu okha. Kukula kwa nyumba sikunapulumutse ndi imodzi yomwe.

Chifukwa chake ife sitilirira sitolo yaikulu. Ikadza, phindu lake lipita kwa eni ake akutali, ndi magolosale a abale athu afota ngati chimanga cha pansi pa mtengo. Ndiponso mazenera ake anakonzedwa kuti munthu akhumbe chimene sanachifune potuluka m'nyumba. Chimene tilirira ndicho chilungamo chake cha pa mtengo, ndipo pamenepa mlandu uli ndi ife eni.

Kodi sitidziwa zochitika pamsika pathu? Mphunzitsi afunsa chitenje, auzidwa mtengo wina. Gogo wochokera ku mapiri a Misuku, wosadziwa kuwerenga, afunsa chitenje chomwecho, auzidwa wokwera. Mwana atumidwa mchere, nabwera ndi chenje choperewera, nakwapulidwa kunyumba pa mlandu wosakhala wake. Wogula nyemba ali nazo ndowa ziwiri, yofutukuka yogulira ndi yophwanyika pansi yogulitsira. Ndipo ambiri ochita izi tikhala nawo pa benchi limodzi tsiku la Mulungu, ngakhale buku la Miyambo ndi la Levitiko atsutsa muyeso wonyenga mosabisa mawu.

Ena adzati, kunenerera ndiwo mwambo wathu, ndipo kukometsa msika. Tivomera kuti pogula mbuzi kapena ng'ombe nkoyenera, pakuti ziweto sizilingana, ndipo onenererawo ali akulu okhaokha odziwa chimene achita. Koma sopo ndi sopo, ndi paketi ya shuga ilingana ndi inzake. Pamenepo kunenerera kupindulitsa wa pakamwa pakuthwa, ndi kulanga wamanyazi, wokalamba ndi mlendo. Basela woperekedwa mokondwa ndiye mwambo wathu. Kuyesa munthu ndi maso kuti umdyere si mwambo ayi.

Enanso adzati, katundu wa ku Tunduma ndi ku Nakonde akwera kawirikawiri, ndi kwacha siikhazikika. Tidzalemba bwanji mtengo? Yankho lili m'sukulu iliyonse: bolodi ndi choko. Mtengo ukasintha, fafanizani, lembani wina. Sitipempha kuti mtengo usasinthe. Tipempha kuti pa tsiku limodzi ukhale umodzi kwa onse.

Tsono tipempha zitatu. Eni magolosale alembe mitengo pamene wogula aiona. Akulu a msika asunge ndowa imodzi ndi sikelo imodzi yoyesedwa, kuti wokayika akayese pomwepo. Ndipo ife ogula tipite ndi ndalama zathu kwa iye amene alemba, ngakhale ali kutsidya kwa msewu, kufikira anzake ataona kuti chilungamo chili ndi malonda. Tsiku limene mayi wa pa Lufita adzatuma mwana wa zaka 7 kukagula mchere wopanda nkhawa, tidzakhala nacho chimene chinakuza masitolo a ku Paris, tisanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe.